Mwana Wanga Sakwawanso

Madamu a sewero anali ndi ngongole kwa Mayi Sinditsitsa, ndipo chaka chinali chitatha osabweza. Sinali ya ndalama ayi. Ikanakhala ya ndalama bwenzi Mayi Sinditsitsa atakailonjerera kalekale, atakhala pakhonde la mwini wake mpaka atatopa nawo. Iyi inali ngongole ya mawu, ndipo ngongole ya mawu ndi yovuta, chifukwa munthu sungamulande wailesi kuti ukhale ukugwirizira.

Nkhani yake inali iyi. Chaka chilichonse potsekera sukulu nthawi ya Khirisimasi, ana a kupulayimale ankachita sewero la kubadwa kwa Khanda m'khola. Sukuluyo inalibe nsalu. Mayi Sinditsitsa, amene ankagulitsa kaunjika kumsika, anali nazo: katani yofiira yotchinga kutsogolo, magauni atatu ovala pochokera kubafa amene mwana akavala ankaoneka ngati mfumu, nsalu yoyera yapabedi ya mngelo, ndi ina yabuluu ya mayi wa Khanda. Dzina lawolo anawapatsa ndi anthu a mumsika, chifukwa iwo akatchula mtengo ndiye kuti watchulidwa. Ukhoza kulira, kulumbira, kuchoka n'kubweranso, sasuntha.

Ndiye chaka chathacho, Madamu atabwera kudzabwerekanso nsaluzo, iwo anawauza kuti zaulere zatha. Ndalama sanafune, ankadziwa kuti sukulu ilibe. Anafuna kuti mwana wawo wotsiriza, Mzime, amene zaka zonsezi ankakhala nkhosa m'seweromo, chaka chotsatiracho adzayankhuleko, nawonso adzamve mawu a mwana wawo m'holo ngati makolo ena. Madamu anaseka, nati zimenezo n'zazing'ono, asadandaule. Ananena atakupatira kale mtolo wa nsalu m'khwapa, Mzime ataima pomwepo akumva.

Chaka chinazungulira. Mayeso anatha, ana anayamba kukonzekera sewero, ndipo Mzime anabwera kunyumba n'kunena, akuyang'ana pansi, kuti wakhalanso nkhosa.

Poyamba mayiwo sanapse mtima kwenikweni. Anangoti Madamu aiwala, munthu wokhala ndi ana ambirimbiri m'kalasi mutu umadzaza, akawakumbutsa. Komanso kunena zoona, nkhosa ya Mzime inali kunyada kwawo. Anaisoka okha kuchokera ku jekete laubweya loyera limene linatuluka m'belo, jekete loti akanaligulitsa tsiku lomwelo. Anaikako makutu, kamchira, ngakhale masokosi okhuthala m'mawondo kuti mwana asanyuke pokwawa pamatabwa. Nkhosa za anzawo zinkabwera zitakulungidwa m'masaka, thonje lomatamo likuyoyoka njira yonse. Ya Mzime inali nkhosa yeniyeni. Ikangotulukira, iwo ankaimirira n'kuomba m'manja mpaka zikhato kuwawa, akugogoda aliyense woyandikana naye n'kumamuuza kuti yonenepayo ndi yanga.

Amene anawatsegula m'maso ndi amayi a nsapato, a benchi loyandikana ndi lawo kumsika. Tsiku limenelo amayi a nsapato anafika akumwetulira ngati agulitsa katundu yense, akulengeza kuti mwana wawo chaka chino ndi mngelo, chifukwa wakhala wachiwiri m'kalasi. Mayi Sinditsitsa anafunsa kuti mapiko akukhudzana bwanji ndi mayeso. Anzawowo anawayang'ana ngati munthu amene wafunsa ngati madzi amanyowetsa.

"Inu amayi a Mzime, musandiseketse. Zaka zonsezi simudziwa? Malo m'sewero amagawa potengera mayeso."

Anayamba kuwerengetsera pa zala. Mtsikana woyamba amakhala mayi wa Khanda, mnyamata woyamba bambo wake. Kenako mngelo, mafumu, mwini nyumba ya alendo, abusa, kumatsika choncho monga mmene anakhozera. Amene wawerenga bwino koposa amaima pambali n'kumafotokoza nkhani.

"Nanga nkhosa?"

"Nkhosa ndi nkhosa," anatero amayi a nsapato, n'kuyamba kupukuta nsapato imene inali yopukuta kale.

Mayi Sinditsitsa anakhala pansi pa belo. Kunabwera munthu wofuna malaya, anamuuza mtengo osamuyang'ana, munthuyo atayamba kunenerera anamulanda malayawo m'manja. Mutu unali kwina. Ndiye kuti holo yonse ija, azibambo a mataye ndi azimayi a zikwama zam'manja, ankawerenga zotsatira za mayeso pansanja pomwepo. Amene waima ndi wanzeru, amene akukwawa ndi mbuli. Ndipo pakati pa anthu onsewo panali mayi mmodzi woimirira, woomba m'manja kuposa onse, wolozera anthu kuti taonani, mbuli yonenepayo ndi yanga, ndaisokera ndekha makutu.

Iwo sukulu anaisiyira kumayambiriro kwenikweni. Manambala ankawadziwa, palibe amene akanawabera chenji, koma zilembo zikachuluka zinkangowaonekera ngati nyerere zomwazikana. Lipoti la mwana likabwera ankapatsa bambo a ana, amene anali makaniko, ndipo bambowo ankaliyang'ana, kunena kuti akuyesetsa, n'kulipinda.

Madzulo ake anawapeza bambowo kuseri kwa nyumba akuchotsa girizi m'manja ndi sopo. Anawafunsa ngati ankadziwa za nkhosazi. Bambowo anapitiriza kusamba m'manja nthawi yaitali kuposa mmene girizi ankafunira, kenako anavomera kuti ankadziwa. Ankangoopa kuti mayiwo akadziwa akagwetsa sukulu ya eni ake. Anawonjezera kuti aphunzitsi si anthu okangana nawo, chifukwa iwe ukakangana nawo umabwerera kwanu, koma mwana amatsala nawo chaka chonse. Mayiwo anayankha kuti mwanayo watsala nawo kale zaka zonsezi akukwawa, palibenso pansi pena pamene angamutsitsire.

Mzime anali m'nyumba akupinda zovala zoti zipite kumsika mawa lake. Anali mwana wofatsa, wa maso aakulu, wosadziwa kudandaula. Chaka chonsecho anali atayamba khalidwe limene linkawatopetsa amayi ake: kuwerenga mokweza chilichonse chimene wachiona. Chikwangwani cha wometa, paketi ya mchere, kalendala, nyuzipepala zakale zokulungira katundu. Ankang'ung'udza chilembo ndi chilembo ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, ndipo kangapo konse mayiwo anamukalipira kuti atseke pakamwa, anthu apume. Tsopano ndi pamene anazindikira chimene mwanayo ankakonzekera. Madamu anaiwala lonjezo lawo asanafike n'komwe pageti la msika. Mwana analisunga chaka chathunthu.

Anamufunsa ngati zimene anena amayi a nsapato n'zoona. Mzime anati inde. Anati chaka chino wadumphako anthu angapo, koma sanatulukebe m'khola. Ndi mmene anzawo amawatchulira a kumunsi, a m'khola, ndipo sukulu ikatsegulira teremu yonse amawalirira mee kumbuyo akamapita kukalemba pabolodi.

"Ukufuna kuyankhula, kapena ndikungodzivutitsa?"

"Ndikufuna, amayi. Koma ndimawerenga pang'onopang'ono."

"Akuthamangira kuti? Khandalo linabadwa kale."

Mayiwo anatenga nkhosa ija m'sutikesi, anadula makutu ndi kamchira ndi lumo, n'kuiponya pa mulu wa majekete ogulitsa.

M'mawa mwake benchi analisiya m'manja mwa amayi a nsapato n'kupita kusukulu. Madamu anawapeza m'chipinda cha aphunzitsi atazunguliridwa ndi milu ya mapepala, cholembera chofiira chili m'kamwa. Anali mayi wachichepere, wotopa, wa choko m'tsitsi. Atawaona anasangalala, akuganiza kuti nsalu zafika. Atamva nkhani yake chimwemwe chinatha. Anati akukumbukira kuti anachezapo zoterozo, koma sanaganize kuti linali pangano. Mayi Sinditsitsa anati kumsika munthu akanyamula katundu atamva mtengo, ndiye kuti wavomera, palibe zoti timangocheza. Madamu anati lamulo si lawo, ndi la ahedi.

Ahedi anali bambo wonenepa wofewa pakamwa, wa mtundu wa anthu amene amakupatsa mpando kuti akukanize bwino. Anafotokoza mwaulemu kuti dongosolo limeneli linayamba kale, ndipo limathandiza ana kulimbikira. Mwana akafuna korona amadziwa kuti njira yake ndi buku. Akangoyamba kugawa malo potengera amene wabwereketsa katani, makolo ena adzati chiyani? Mayiwo anati makolo ena alibe katani. Anafunsanso kuti ngati kukwawa kumaphunzitsa mwana kuwerenga, bwanji nkhosa zake zimakhala zomwezomwezo chaka ndi chaka. Ahedi anakonza taye, nati nkhani za maphunziro n'zozama.

"Zozama sindizidziwa, ahedi. Ndikudziwa kuti mawu kulibe, nsalu kulibe."

Ahedi anamwetulira n'kunena kuti sukulu ipeza kwina. Madamu anawaperekeza mpaka pakhomo akuwanyengerera kuti aganizire ana enawo, asawaonongere Khirisimasi yawo. Onse awiri ankaoneka kuti akudziwa mmene zithere: mayiyu akalipa, apita, mtima ukatsika abweretsa. Anthu a kusukulu sagula kumsika kawirikawiri. Akanafunsa aliyense kumeneko akanawauza chifukwa chake anapatsidwa dzina limenelo.

Kwina kuja sanapezeko kanthu. Aphunzitsi anali otanganidwa ndi kuchonga mayeso ndi kulemba malipoti, aliyense akuganiza kuti mnzake ndi amene akufufuza nsalu. Tsiku lotsekera litayandikira, Madamu anatumiza uthenga kudzera mwa amayi a nsapato, wofunsa ngati mayiwo aganizanso bwino. Iwo anabweza yankho lakuti nsalu zidzafika pasukulu tsiku lakelo. Sananame.

Tsikulo sukulu inali itasandulika. Ana anali atapachika maunyolo a mapepala amitundumitundu kuchokera pawindo kukafika pawindo, mabaluni ali m'makona, ena ataphwa kale. Pakhomo la holo panali nthambi yobzalidwa m'ndowa, yomatidwa thonje ndi mapepala onyezimira a maswiti. M'makoma anakhoma zimene ana anaphunzira teremuyo: nyenyezi zodula ndi sizasi, masamu okhala ndi zochonga zofiira, makadi a Khirisimasi olembedwa zilembo zopendekeka. Makolo anali atakhala pa timipando ta ana, mawondo ali pachifuwa. Kutsogolo, pa mipando yeniyeni, kunali ahedi ndi mlendo wochokera ku ofesi ya maphunziro, mayi wa magalasi amene ankangoyang'ana wotchi. Kalasi ya ang'onoang'ono inali ikuimba nyimbo ya Khirisimasi, aliyense pa liwiro lake.

Mayi Sinditsitsa analowera kuseri, m'kalasi imene ana a sewero ankavalira. Anatula mtolo pakati pa chipinda, n'kukhalapo. Mzime anaima pambali pawo atavala yunifolomu yosita, nsapato zopukuta.

Madamu anathamangira mtolowo manja ali patsogolo, akuthokoza Mulungu. Anaima ataona kuti mwini wake sakudzuka. Mafumu atatu anali ataima ndi zisoti za makatoni kumutu, kumunsi makabudula a sukulu. Mngelo, mwana wa amayi a nsapato, anali ndi mapiko a waya pamwamba pa diresi la yunifolomu. Kunja nyimbo inatha, ang'onoang'ono aja anauzidwa kuti ayambirenso.

Kunenerera kunayamba. Madamu anati chabwino, Mzime akhale m'busa, aime chilili, agwire ndodo. Mayiwo anafunsa ngati m'busayo amayankhula. Ayi, amangoloza kumwamba. Ndiye ayi. Madamu anati anyamule nyenyezi, ayende patsogolo pa mafumu, holo yonse imuone. Nyenyezi imayankhula? Siyankhula. Anati pamapeto ana onse amanena pamodzi kuti Khirisimasi yabwino, Mzime aime kutsogolo kwenikweni. Mayiwo anati mawu a chigulu ndi ngati mchere wa m'nyanja, sungaloze kuti wanga ndi uwu.

Ahedi anatulukira pakhomo akupukuta thukuta ndi mpango. Mlendo akufunsa kuti chikuchedwetsa n'chiyani. Ataona mayi atakhala pa mtolo, anayamba ndi mawu okoma, kenako anawakumbutsa kuti pano ndi pasukulu, si pamsika. Mayiwo anavomera kuti n'zoona, pamsika anthu amalipira. Ahedi anati sewero likhoza kuchitika popanda nsalu. Iwo anati lichitike, akhala pompano akumvetsera. Ahedi anayang'ana mafumu a makabudula aja, anayang'ana nsanja yopanda katani imene kuseri kwake kunkaoneka matsache ndi ndowa zokolopera, anayang'ananso Madamu.

"Mupatseni kenakake awerenge. Chilichonse. Anthu akudikira."

Madamu analanda mapepala kwa mnyamata wofotokoza nkhani, amene anali atayeserera milungu yonseyi, ndipo nkhope yake inagwa pomwepo. Anatsegula tsamba lomaliza n'kuloza mzere wapansi, wothokoza makolo chifukwa chobwera. Anati uwu ndi womuyenera Mzime, ndi wosavuta.

Mayi Sinditsitsa anatenga pepalalo. Kuwerenga sakanatha, koma kuyeza ankadziwa. Anaika chala pa mzerewo, ndipo sunakwane n'komwe kutalika kwa chala chimodzi. Anaseka. Kachidutswa ngati aka iwo amangopereka banyira kwa munthu amene wagula zambiri. Chaka chathunthu cha kudikira, katani, magauni atatu, nsalu ziwiri, malipiro ake kachidutswa? Anatembenuza mapepalawo mpaka anapeza pamene zilembo zinadzaza kuchokera pamwamba kufika pakati pa tsamba, mulu wakuda bii wopanda mpata. Anayeza ndi chikhato. Chinakwana, n'kutsalako.

"Apa."

Madamu anati ayi, apo ndi poyambira sewero lonse, pali mawu aataliatali, mwanayo sanayeserereko ngakhale kamodzi, avutika. Ananena ndi mtima wonse. Koma Mayi Sinditsitsa anali atamva mawu amenewo kambirimbiri kwa ogulitsa mabelo. Wogulitsa akakuuza kuti ili silikuyenerani, ndiye kuti labwino ndi lomwelo. Anaumirira. Kwa Mzime sanacheukireko.

Anadzuka pa mtolo. Ana anaunjirira nsalu ngati nkhuku pa chimanga, katani inapachikidwa mothamanga mbali ina ikulendewera, ndipo mayiwo anapita kukakhala m'holo, pa kampando ka mzere wachiwiri kamene amayi a nsapato anawasungira.

Mzime anatuluka kutsogolo kwa katani yekha, pepala lili m'manja onse awiri. M'holo munamveka kunong'onezana. Anthu ankadziwa ana a eni ake, ndipo ankadziwa kuti uyu malo ake ndi pansi.

Anayamba. "Kale... kale, mfumu ina... ya... yaikulu..." Mawu anali ang'onoang'ono koma ankamveka. Mfumuyo inalamula, ndipo kulamulako kunatenga nthawi. Anthu onse, abwerere, kwawo. Apa anaima. Panali liwu lalitali limene linamutsekera njira ngati galimoto yofera pamlatho. Analiyamba, linakana. Anabwerera m'mbuyo, analiyambanso.

Kumbuyo kwa holo, kumene kunaima ana akuluakulu, wina analira mee.

Kuseka kunayambira komweko n'kumabwera kutsogolo mzere ndi mzere. Azibambo ena ankabisa pakamwa ndi zipewa. Mlendo wa magalasi anayang'ana ahedi, ahedi anayang'ana kudenga.

Apa ndi pamene Mayi Sinditsitsa anaona chimene anachita. Anali atamugulira mwana nsapato yaikulu chifukwa choti mtengo wake unali umodzimodzi ndi yaing'ono, ndipo tsopano mwanayo ankayenera kuyenda nayo pamaso pa anthu onse. Mzere umene anali atafika unali woyamba. Pansi pake panali chikhato chonse. Kumuthandiza sakanatha, liwu limene linamutsekeralo ngakhale iwo sakanalizindikira atakumana nalo panjira. Kumuchotsapo kunali kotheka. Akanangokweza dzanja, Madamu akanatumiza mnyamata wofotokoza nkhani uja, ndipo teremu yamawa mee akanakhala wa chaka chonse.

Anaimirira. Kampando kanagwa kumbuyo kwawo, sanakatole. Anatembenuka, msana kunsanja, nkhope kwa anthu, manja m'chiuno. Anayamba kuwayang'ana mmodzimmodzi, mmene amayang'anira anthu oima pafupi ndi benchi amene manja awo sakuoneka. Ambiri mwa iwo ankawadziwa. Uyu anagula buluku la ukwati kwa iwo. Uyo amabwera kudzasankha madiresi m'mamawa kuti anzake a kuofesi asamuone pa kaunjika.

"Amene wachedwa, khomo ndi ilo. Otsalafe tidikira."

Sanakweze mawu. Kuseka kunazima ngati makala othiridwa madzi, kunangotsala kutsokomola. Palibe amene anatuluka. Mnyamata wa mee uja anabisala kuseri kwa mnzake.

Kumbuyo kwawo anamva Madamu akunong'oneza kuchokera m'mphepete mwa katani, akufuna kumuuza mwana liwulo. Anamvanso Mzime akuyankha motsitsa kuti ayi Madamu, ndilipeza. Kenako kung'ung'udza kuja, kwa njuchi ya m'botolo, chilembo ndi chilembo. "Ku... ka... le... mbe... kukalembetsa."

Anapitiriza. Sizinayende bwino ayi, tisanamizane. Anapunthwa paliponse pamene panali popunthwira. Mzere wina anaudumpha, anazindikira yekha kuti nkhani yaduka, anabwerera kukautenga. Ulendo wa bambo ndi mayi woyembekezera uja, wopita kumudzi wa makolo awo, unatenga nthawi ngati akuyendadi wapansi. Kuseri kwa katani mafumu ankatuluka thukuta m'magauni, mwana wosewera bulu anapempha kupita kuchimbudzi, anapita, anabwerako, Mzime akadali panjira. Khanda la munthu wina m'holo linalira, linayamwa, linagona.

Mayi Sinditsitsa sanacheuke ngakhale kamodzi. Ankadziwa kuti akangochotsa maso pa anthuwa ayambiranso. Miyendo inayamba kuwawa, thukuta linatsika m'msana. Mwana wawo sanamuone akuwerenga, anangomumva, liwu ndi liwu, likubwera kuchokera kumbuyo ngati munthu wosenza katundu wolemera pachitunda. Chakumapeto mawuwo anayamba kulimba. Atafika pamene alendo aja anapeza nyumba zonse zitadzaza, mzere wonse unatuluka kamodzi osapunthwa, ndipo ndime yake inathera pomwepo.

Amayi a nsapato ndi amene anayamba kuomba m'manja. Ena anatsatira, ena chifukwa chosangalala, ambiri chifukwa choti zatha. Mayi Sinditsitsa sanaombe. Anatola kampando kaja, anakhala pansi.

Sewero linapitirira monga mwa chaka chilichonse. Mngelo anaiwala mawu ake n'kuwakumbukira, mfumu ina inaponda gauni la inzake, nkhosa zotsalazo zinakwawa m'masaka awo. Mayiwo anaziyang'ana nkhosazo nthawi yaitali, ndipo sanagogode munthu aliyense. Kenako ahedi anayankhula za kulimbikira, mlendo anayankhula za tsogolo, ana analandira malipoti, mabisiketi ndi zakumwa za m'makapu apulasitiki.

Iwo sanadikire zonsezo. Analowa m'kalasi yovalira muja n'kuyamba kuvula mafumu magauni, wina bisiketi ili m'kamwa. Ankayang'ana nsalu iliyonse ngati yang'ambika asanaipinde. Mzime anali atakhala padesiki lapakona, akumwa madzi kapu yachiwiri, yunifolomu itanyowa m'khwapa.

"Amayi, munasankha yaitali."

"Wamaliza kapena sunamalize?"

"Ndamaliza."

"Ndiye gwira uku tipinde katani."

Ahedi anadutsa pakhomo akuperekeza mlendo, anabwerera pang'ono n'kunena motsitsa kuti zimene zachitika lerozi zisatengedwe ngati chizolowezi, lamulo la sukulu likadali pomwepo. Mayiwo anayankha, osasiya kupinda, kuti lamulo ndi lawo, nsalu ndi zawo iwo, aliyense asunge chake.

Madamu anabwera pomaliza, atanyamula nsalu yabuluu imene inatsalira kunsanja. Anaipereka, anaima pang'ono, anayang'ana Mzime. Anati pang'ono n'kumupha mwanayu ndi tsamba limene lija. Mayi Sinditsitsa anati ngongole ikakhalitsa imabereka, Madamu akanabweza nthawi yake bwenzi iwo atavomera kamzere kaja. Madamu anaseka mosafuna, kenako anafunsa ngati tsopano athana.

Mayiwo anayamba ayala nsalu yabuluuyo pawindo, anaiyang'ana mbali zonse ziwiri, anakanda ndi chikhadabo kadontho ka chakumwa pakona. Anaipinda, anaiika pamwamba pa zinzake, anamanga mtolo mfundo ziwiri n'kuusenza.

"Tathana, Madamu. Mwabweza."